Ndowa Ndaisiya Pakhomo

Tiyamike mwana wanga,

Ndakhala m'chigafa masana ano, pa benchi lija timasokerapo fodya, iwe utapita ku Santhe kukaluka tsitsi. Muno mulibe tsamba ndi limodzi lomwe, mikangala yopachikira fodya yokha ndi imene ili pakona, koma fungo la fodya wa chaka chino silinachoke. Kalatayi uipeza pamwamba pa chikwama chako. Uiwerenge lero lomwe, usati ukawerengera m'basi mawa, chifukwa muli nkhani yofuna yankho basi isananyamuke. Ndikanatha kungokuitana n'kukuuza pamaso, koma pakamwa panga ukupadziwa. Ndimayamba bwinobwino, pakati ndakweza mawu, pomaliza iwe wadzitsekera kuchipinda, ine ndatsala ndikulalikira nkhuku.

Ndiyambe ndi ndowa. Loweruka ndinakugulira ndowa yabuluu m'golosale mwa a Saidi, pamodzi ndi bulangete ndi loko, monga inanenera kalata ya kukoleji kuti wogona ku hositelo aliyense abwere nazo. Unaiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, mwangodzivutitsa, ndowa sindikaifuna." Ndinati mwina mwana akuchita manyazi kutsika nayo mu Lilongwe ngati wokagulitsa mandasi. Koma dzana tikuthirira nazale kudambo, foni yako inalira, ukapita kuseri kwa nthochi. Mphepo inkachokera komweko. Ndinamva ukunena kuti, "Yamikani, ndanena kale, ndikafikira kwako. Za hositelo zisiye." Keni yothirira ndinaigwira ndithu, koma madzi onse ndinathira pamalo amodzi mpaka mbande kugona.

Ndikuopa, Tiyamike. Sindikwiya, ndikuopa. Ndakhala ndikuyenda m'munda ndikulankhula ndekha, moti dzulo a Nachisale, anzanga a kuseri kuno, anandifunsa ngati ndayamba kupemphera poyenda.

Ukukumbuka uli Fomu 1, utayamba kuwerenga nkhani ya zithunzi ija pa foni? Ndinakufunsa kuti n'chiyani chikukumwetulitsa wekhawekha, unati, "Imeneyi ndi manga, amayi, ya ku Japan." Ine ndinati, "Manga chiyani? Kuno timamanga fodya, ena amamanga banja. Iwowo akumanga chiyani?" Unaseka mpaka singano inagwera m'masamba, tinaifuna theka la ola. Kuchokera pamenepo, tikakhala pa benchi lino, ine ndinkasoka, iwe unkasoka ndi dzanja limodzi kwinaku ukundimasulira za mtsikana wa tsitsi lalifupi uja ndi mnyamata wamagalasi, amene ankakwera sitima imodzi m'mawa uliwonse popita kusukulu. Chaka chathunthu anthu aja ankangopatsana moni. Tinathyola fodya kawiri asanagwirane dzanja. Ine ndinkatopa nawo, ndinkati, "Kodi mnyamatayu pakamwa ali napo? Kuno bwenzi mtsikanayo atamulanda kalekale a kabaza." Iwe yankho lako linali limodzi masiku onse: "Dikirani amayi, akudziwana kaye."

Ndivomere kuti nanenso inandilowa. Pamene mtsikana uja anapita kusukulu yakutali, mnyamata n'kutsala akudwazika bambo ake, ndinkakufunsa ndine kuti kwatuluka zina kapena ayi. Pamene anayambana, miyezi n'kudutsa osalemberana, ndinamukwiyira mnyamata uja ngati mwana wa m'mudzi muno. Ndipo tsiku lija mtsikana anakwera sitima kukafika kwawo kwa mnyamatayo, n'kuona kanyumba kawo, n'kutsuka mbale ndi amayi ake osalankhula zambiri, ndinapukuta maso ndi chitenje n'kunamizira fumbi la fodya. Unandiona, koma unandisungira ulemu.

Ndiye unafika Epulo uja, pamene unamva kuti nkhani yako aisandutsa katuni, imene iwe umati anime. Unadikira ngati munthu wodikira mvula yoyamba. Amina, mwana wa a Saidi, atakuikira katuniyo m'memore ya foni, unandikoka Lamulungu masana, tinatsamiritsa foni pa jeke yodindira mabelo n'kukhala pansi. Magawo anali khumi ndi awiri. Pofika gawo lachitatu anali atagwirana kale dzanja. Unayamba kung'ung'udza kuti, "Apa adumpha." Pang'ono, "Apanso adumpha." Matenda a bambo aja anangowatchula pakamwa. Mkangano uja unayamba n'kutha nyimbo imodzi isanathe. Ulendo wa kwawo kwa mnyamata, mbale zija, amayi aja, munalibiretu. Tinangoona maluwa akugwa, anthu avala zaukwati, mayina a amene anaikonza ayamba kukwera. Unazimitsa foni, kenako unati, "Amayi, awa si anthu anga aja. Zojambula n'zokongola, nyimbo n'zabwino, koma akwatitsa anthu osadziwana." Unakwiya sabata yathunthu, ngakhale galu anakuthawa. Ine ndinkakuseka, koma mawu amenewo ndinawasunga.

Unandiuza wekha kuti mkwiyowo unakautulira pa gulu lanu la pa foni la okonda makatuni amenewa, ndipo kuti mnyamata wina wa ku Lilongwe, dzina lake Yamikani, anagwirizana nawe pa chilichonse. Umenewo unali Epulo. Uno ndi Seputembala. Monga ndikudziwira ine, mwaonanapo kamodzi, tsiku lija unapita ku Kasungu kukajambulitsa zithunzi za kukoleji n'kubwerako ukuimba. Tsono ndikufunse, mwana wanga, iwe amene unakwiyira anthu a ku Japan sabata yathunthu chifukwa chodumpha: nkhani yakoyi ili pa gawo lachingati?

Ndisanapitirire, ndiulule cholakwa changa chimodzi, chifukwa mwina ndi chimene chakuphunzitsa kupita kuseri kwa nthochi. Uli Fomu 2 unalakwa masamu, ine n'kunena kuti ndi zithunzi zakozo. Ndinakulanda foni n'kuikwirira m'thumba la chimanga mwezi wathunthu. Sindinakufunse kuti masamuwo akuvuta pati. Patapita nthawi ndinamva kuti aphunzitsi anu a masamu anali atachoka pakati pa teremu, kalasi yonse inalakwa. Foni ndinakubwezera koma pepani sindinanene, ndipo kuyambira pamenepo zinthu zako zina unayamba kuzisunga kumene ine sindifikako. Ndinalakwa, pepa. N'chifukwa chake lero sindikulanda kanthu, sindibisa thiransipoti, sindiitana amalume ako. Ndikungolemba.

Cholakwa chachiwiri ndi cha fodya. Chaka choyamba kulima pandekha, iwe uli kumbuyo, ndinali ndi fodya wabwino moti odutsa ankaima pamsewu. Ndinathyola, ndinasoka, ndinapachika m'chigafa chomwechi. Atafiira bwino, malole anayamba kudutsa ndi mabelo a anzanga kupita ku okushoni, mtima wanga n'kuyamba kuthamanga. Ndinkati aliyense agulitsa, ine nditsala. A Nachisale anabwera, anatsitsa tsamba limodzi, analigwira pamsana paja n'kupinda. Msana unangopindika, sunathyoke. Anati, "Mayi a Tiya, fodyayu musamudinde. Tsamba limanama, limafiira msanga. Msana sunama. Mudikire mpaka uzithyoka kuti thyo." Ndinati ndamva. M'mawa mwake ndinabwereka jeke. Mabelo atatu amene ndinadinda anakawatsegula ku okushoni atatentha m'kati, chuku chili mbuu, ndipo anawabweza. Madzi amene anatsala m'misana anaoletsa ndi masamba omwe anali atauma bwino. Ndinawakhuthulira kuseri kwa khola anthu akuona. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti fodya uja analibe vuto. Ankangofuna masabata awiri.

Tsopano cholakwa chachitatu, chimene ndakhala ndikuchizungulira kuyambira pamwamba pa kalatayi.

Ndinakuuza kuti bambo ako anapita ku Joni ndipo anathera komweko. Ndinakunamiza. Sindikudziwa kumene anapita. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndikugwira ganyu pa esiteti ina kufupi ndi Chisemphere. Iwo anabwera pa lole ndi matenanti ochokera ku Phalombe. Ankatchedwa Lufeyo. Anali ndi wailesi yomangirira pa njinga, ankaimba bwino, ndipo akalankhula Chichewa chawo cha kummwera chija ine ndinkaseka ngakhale pasali choseketsa. Tinadziwana nthawi ya nazale ngati inoyi. Fodya asanalowe m'chigafa ndinali nditanyamula kale zovala zanga kukalowa m'kanyumba kawo ka pa esiteti. Panalibe ankhoswe, panalibe anapita kukaona kwawo. Agogo ako aakazi ananditsatira mpaka pa esiteti, anaima panja n'kunena kuti, "Mwanawe, sitikukaniza. Tingodziwa kwawo kokha." Ine ndinayankha mwamwano kuti, "Kwawo ndi ku Phalombe, simunamve?" Anatembenuka n'kubwerera kumudzi.

A Lufeyo sanandimenyepo. Ankanditengera madzi mimba itakula, ankandigulira zitumbuwa tsiku la msika. Ndikanena kuti anali munthu woipa ndinama. Nditapita kusikelo koyamba, anamwino akulemba khadi, anandifunsa dzina la bambo a mwana. Ndinati Lufeyo John. Anati, "Mudzi?" Ndinati ku Phalombe. Anati, "Phalombe ndi boma, mayi. Mudzi wake uti? Mfumu yaikulu ndani?" Zimenezo sindinkazidziwa. Amayi amene anali pa benchi kumbuyo kwanga anasiya kucheza. Anamwino anandiyang'ana, anayang'ana mimba, n'kusiya mzere uja wopanda kanthu. Ndinabwerera ndikulumbira kuti ndikafunsa tsiku lomwelo. Nditafika ndinawapeza akuimba, atandiphikira mbatata, ndinati ndifunsa mawa.

Fodya atagulitsidwa, lole inabwera kudzatenga matenanti. Anandiuza kuti atsogole akauze abale awo, akonze pokhala, abwera kudzanditenga mwezi usanathe. Wailesi anandisiyira. Iwe unabadwa, mwezi unatha, ina inatha. Ndinapita kwa kapitawo wa pa esiteti kuti andipatse keyala yawo, ndipo m'buku mwake munthu yemweyo analembedwa dzina lina. Uli ndi miyezi isanu ndi umodzi ndinakubereka n'kukwera basi mpaka ku Phalombe. Aliyense amene ndinamufunsa anandifunsanso funso la anamwino lija: Lufeyo wa mudzi uti? Ndinagona masiku awiri kwa mayi wina wogulitsa nandolo amene anandimvera chisoni, n'kubwerera. Mpaka lero sindidziwa ngati anali ndi mkazi kwawo, ngati anachita mantha chabe, kapena ngati anadwala n'kumwalira akuganiza zobwera. Sindinawadziwe mokwanira kuti ndiwaweruze, ngakhale kuti ndiwalire bwinobwino. Amati safunsa anadya phula. Ine ndinadya, ndipo iwe wakhala ukudya nane osadziwa. N'chifukwa chake kusukulu umalembedwa Phiri, dzina la agogo ako aamuna.

Usamve molakwa. Iwe sindiwe cholakwa changa. Pa zonse zija chabwino chimene ndinatulukamo nacho ndiwe. Koma sindikufuna kuti tsiku lina udzakhale pa benchi la kusikelo anamwino atagwira cholembera akukudikira.

Za Yamikani sindikunena kuti ndi woipa. Sindimudziwa, ndipo vuto lake ndi limenelo, chifukwa ndikukayika ngati iwenso ukumudziwa. Ukudziwa katuni imene amaikonda, ukudziwa mmene amalembera mauthenga, mwina ukudziwa ndi kuseka kwake. Limenelo ndi tsamba, mwana wanga, ndipo likhoza kukhala lofiira bwino. Kwawo ndi mudzi uti? Amayi ake dzina lawo ndani, ndipo akudziwa kuti kukubwera mwana wa eni m'nyumba mwa mwana wawo? Nyumbayo ndi ya ndani, mumagona anthu angati? Akakwiya amatani, amakhala chete kapena amaswa zinthu? Unamukanapo chinthu n'kuona nkhope yake? Ngati mayankho uli nawo, bwera undiuze madzulo ano, ndikhala pansi ndimve. Ngati ulibe, usadumphe.

Ndi chinthu chimodzi chokha chimene ndikupempha. Sindikuti umusiye. Ukagone ku hositelo. Ukhale ndi bedi lako, loko wako, kiyi wako m'thumba. Iye azibwera kudzakuona masana, muzikhala pa kapinga anthu akudutsa. Tsiku lina umuuze akutengere kwa amayi ake, ukatsuke nawo mbale, uone mmene amawayankhira. Muyambane kamodzi, muone ngati mungabwererane. Nthawi yothyola ubwere naye kuno adzakhale pa benchi lino, ndimupatse singano, tione ngati pofika masana adzakhale akusekabe manja atada ndi utomoni wa fodya. Akakhala munthu, zonsezi sizimuthawitsa. Akakuuza kuti ngati sufikira kwake ndiye kuti sumukonda, udziwe kuti wapinda msana ndipo sunathyoke.

Ndikuopanso za sukulu. Mtsikana wogona kwa mwamuna amadzuka n'kuyamba kuganiza za madzi osamba a munthu wina, za ndiwo, za malaya osasita. Mabuku amabwera pambuyo. Mukayambana usiku, ulibe kolowera, ndipo m'mawa uli ndi mayeso. Unakhoza wekha, Tiyamike, unkawerenga pa benchi lino maso akuwawa ndi fodya. Malo amene wapeza kukolejiwo asakhale chinthu chongotchulidwa pakamwa ngati matenda a bambo aja m'katuni.

Pali china chimene ndachita osakuuza, ndipo ukwiya. Dzulo ndinapita kwa Amina n'kumupempha kuti aimbe pa nambala ili pa kalata ya kukoleji. Sindinamuuze chifukwa, ndinangoti ndikufuna kutsimikiza. A kukoleji anayankha kuti malo ako ku hositelo alipo, ndipo akusungira mpaka Lolemba. Likadutsa Lolemba apatsa wina. Ndiye usaganize kuti mwina madzi atayika kale. Sanatayike.

Ndipo umve ichi, chifukwa mwina n'chachikulu kuposa zonse ndalembazi. Ukasankha kusandimvera, zinthu n'kukavuta, ubwere. Usachite zimene ndinachita ine. A Lufeyo atapita ndinakhala m'kanyumba ka pa esiteti miyezi yambiri ndikudya ndiwo zopanda mchere, kuopa kubwerera kwathu chifukwa cha mwano uja ndinawachita agogo ako. Tsiku limene ndinafika, ndinawapeza akusenda mtedza pakhonde. Anangosuntha pamphasa n'kunena kuti, "Mutsitse mwanayo, watopa." Za Phalombe sanazitchulepo mpaka kumwalira kwawo. Inenso ndidzasuntha pamphasa. Pakamwa panga mwina padzandivuta, koma ndidzayesetsa. Ukadzafuna kubwera usadzayambe wakonza mawu, udzangoimba n'kunena kuti ndili pa siteji.

Zina zing'onozing'ono ukuzidziwa kale. Nambala yanga uilembenso papepala, foni imabedwa. Mankhwala a chifuwa chako ndaika m'thumba lam'mbali. Usamadye chipisi chokhachokha. Ndipo nkhani ina ya zithunzi ikatuluka, uzindiimbira Lamulungu undimasulire. Chaka chino ndisoka ndekha, ndipo benchili ndi lalitali.

Ndikumva njinga kumsewu, mwina ndiwe, ndiye ndimalize. Ndowa ija ndaisiya pakhomo, mkati mwa chitseko kudzanja lamanja. Bulangete ndi loko zili momwemo. Pansi pake ndalemba ndi penti yotsala ija timalembera mabelo: Tiyamike Phiri, ndi dzina la mudzi wathu, ndi la mfumu yaikulu, kuti aliyense wofunsa apeze yankho. Mawa wa kabaza akafika, ine ndinyamula chikwama n'kutsogola, sindicheuka. Ukatuluka nayo ndidzamva chigwiriro chikulira kumbuyo kwanga, ndipo sindidzanena kanthu. Ukaisiya sindidzanenanso kanthu, ndidzakuperekeza mpaka pa siteji, ndidzakugulira nthochi za m'njira ngati masiku onse. Ndikadzabwerako sindidzatungira madzi, sindidzathirira nayo nazale. Idzakhala pomwepo mpaka Lolemba, ndipo Lolemba likadutsa idzakhalabe pomwepo.

Usadumphe, mwana wanga. Dikira, mudziwane kaye. Mawuwa si anga, ndinawamva kwa iwe.

Ndine amayi ako,
Nagama